Mfumu Yaikulu, Denga la Udzu: Likulu la Kalonga ku Mankhamba

Tchulani mawu akuti "nyumba yachifumu" pagulu la achinyamata, kenako mufunse aliyense chimene chabwera m'mutu mwake. Wina anena Sanjika, ili pamwamba pa phiri ku Blantyre ija. Wina anena Buckingham Palace ya ku London, imene timaiona pa foni kukakhala ukwati kapena maliro a banja lachifumu la ku Britain. Okonda mafilimu a ku Nigeria anena chinyumba cha Igwe, cha geti yachitsulo ndi mipando yonyezimira. Amene angatchule Mankhamba ndi ochepa zedi, mwinanso palibe n'komwe.

Komatu ku Mankhamba n'kumene kunali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, ufumu umene dziko lathu linatengako dzina. M'zaka za m'ma 1600 mphamvu za Amaravi zinkamveka kuyambira ku mtsinje wa Luangwa kumadzulo, kutsikira ku Zambezi, mpaka kufupi ndi gombe la nyanja yamchere kum'mawa.

Ine kwathu ndi ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Kuno alendo sasowa. Amabwera kudzakwera Chambe, kudzasamba pa Dziwe la Nkhalamba, ena kudzalimbana ndi Sapitwa. Akatsika, atapuma, pamakhala funso limene limabwerabwera: "Nanga mafumu anu akale ankakhala kuti?" Ndamvapo anzanga akuyankha kuti, "Aaa, kuno kunalibe zimenezo." Yankho limeneli limandiwawa, chifukwa si loona. Nyumba zachifumu tinali nazo. Zinali za mitengo, dothi ndi udzu, ndipo kuti munthu azimvetse afunika kuyang'ana mmene malowo ankayalidwira: pamene panali bwalo, pamene pankayaka moto, pamene panaima nkhokwe.

Mankhamba ndi kuti?

Mukakwera basi yodzera msewu wa m'mbali mwa nyanja, kuchoka ku Balaka kulowera ku Salima, mumadutsa pa Golomoti, kenako pa Mtakataka, m'boma la Dedza. Kumanzere kwanu kumakhala mapiri, kumanja chigwa chotsetserekera ku nyanja. Mankhamba ili m'dera limeneli, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipulu.

Mbiri ya pakamwa imati makolo a Achewa anachokera ku Uluwa, dera limene lero lili m'dziko la Congo. A mfunda wa Banda ndi amene anayamba kufika, ndipo iwo ndiwo ankadziwa za mvula ndi nsembe. A Phiri anabwera pambuyo, akutsogoleredwa ndi Kalonga. Magulu awiriwa anapangana: ulamuliro unakhala m'manja mwa a Phiri, pamene za mizimu ndi nthaka zinakhalabe m'manja mwa a Banda. Samuel Josia Ntara analemba zambiri mwa nkhanizi m'buku lake lotchedwa Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Nkhanizi zimatchula maina awiri a malo oyandikana, Mankhamba ndi Manthimba, monga phata la ufumuwo.

Malowa anasankhidwa mwanzeru. Nthaka yake ndi yachonde, madzi ali pafupi, nsomba zili m'nyanja, ndipo nthawi imeneyo njovu zinali mbwee m'tchire. Kuchokera pamenepo njira zinkatsikira ku Tete, kumene amalonda ankagula minyanga.

Apwitikizi analemba za Amaravi kangapo. Mu 1608 mfumu Muzura, imene olemba mbiri ambiri amaiwerengera pa mndandanda wa a Kalonga, inatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza pa nkhondo ya kwa Mwenemutapa, kutsidya kwa Zambezi. Mu 1616 Gaspar Bocarro, pa ulendo wake wapansi wochoka ku Tete kupita ku Kilwa, anacherezedwa kwa Muzura yemweyo. Mu 1667 wansembe Manuel Barreto analemba za ufumu waukulu wa Amaravi ndi mfumu yake, imene iye anaitchula kuti Caronga. Tangoganizani: mfumu yotha kutumiza asilikali 4,000 kudziko lina ingakhale yopanda likulu?

Zimene nthaka inasunga

Mukapita ku Mankhamba lero simukapezako khoma lalitali loti mujambulitsepo chithunzi. Umboni wake unali pansi, ndipo amene anaufukula ndi Mmalawi mnzathu, Dr. Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zinthu zakale. Zotsatira za ntchito yake anazisindikiza m'buku mu 2020.

Akuluakulu amati mfumu ndi dzala, kutanthauza kuti zabwino ndi zoipa zomwe zimakathera kwa iyo. Kwa ofukula zakale mawuwa ali ndi tanthauzo linanso, pakuti zimene anthu ankataya kapena kugwetsa ndizo zimaulula mmene ankakhalira. Ku Mankhamba kunapezeka mapale ambirimbiri a miphika, zipangizo zachitsulo, zinthu zamkuwa, mafupa a ziweto ndi a nyama zam'tchire, komanso zidutswa za minyanga ya njovu zosonyeza kuti amisiri ankasema makoza pomwepo. Kunapezekanso mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja, ndi zidutswa za mbale zonyezimira za ku China.

Taimani kaye pamenepa. Mbale yopangidwa ku China inakwera chombo, n'kuwoloka nyanja ya India, n'kusenzedwa pamutu mtunda wautali, mpaka kudzafika ku Mtakataka. Nthawi imeneyo kunalibe Facebook yotsatsira malonda, kunalibe lole, kunalibe msewu watala. Mkuwanso unkachokera kutali, kumadera a Zambia ndi Congo amene mpaka pano amadziwika ndi mkuwa. Anthu a ku Mankhamba anali pa malonda a dziko lonse a nthawi yawo, ndipo ankagona m'nyumba zofolera ndi udzu. Ziwirizi sizinkatsutsana.

Mmene nyumba yotere imamangidwira

Ukatswiri womanga ndi mitengo ndi dothi sunatheretu. Ine ndinauona kwa agogo anga aamuna, amene ankamanga okha khitchini ndi nkhokwe zawo, ife adzukulu tikuwapatsira luzi. Nyumba ya mfumu inkatsata njira yomweyo, kungoti inkakula, ndipo manja ogwira ntchitoyo ankachuluka.

Ntchito imayambira m'nkhalango. Si mtengo uliwonse umene ungakhale nsichi. Mmisiri amafuna mitengo yolimba, yosafumbwa msanga, monga muwanga, kapena tsanya kumadera otentha. Akafika pamalo, amakhoma chikhomo pakati, n'kumangirira chingwe, n'kuzungulira nacho akulemba pansi. Ndiye pulani imeneyo. M'mzere wozungulirawo amakumba maenje n'kuzika nsichi, kenako amazilumikiza ndi mbalo za nsungwi kapena timitengo tosalala, akumanga ndi luzi lonyowetsedwa. Luzi likamauma limakoka, mfundo n'kulimba popanda msomali ngakhale umodzi.

Nyumba ikakhala yaikulu, pakati pamaima mzati. Phaso limachoka pamwamba pa mzatiwo n'kutsikira mbali zonse, kupitirira khoma, mpaka kukatsamira pa nsanamira za khonde. Khonde limeneli si lokhalapo chabe. Ndilo limatchinga khoma ladothi kuti mvula isamalimenye. Pofolera amayambira m'munsi kukwera m'mwamba, udzu wapamwamba n'kumaphimba wam'munsi, kuti madzi azingotsetsereka.

Agogo ankakonda kundiuza kuti: "Iwe, nyumba ndi denga. Khoma likhale la bango, palibe kanthu, koma denga likadontha ndiye kuti mwasamuka." Ndikawafunsa kuti, "Nanga agogo, utsiwu bwanji, sukuwononga udzu?" ankaseka. Utsi wa pa mafuwa ndi umene umathamangitsa tizilombo todya udzu ndi phaso. Mwaye umene ife timauona ngati litsiro unali mankhwala a denga.

Amayi anali ndi gawo lawo lalikulu. Iwo ndiwo ankamweta udzu m'miyezi yozizira, moto wolusa usanayambe. Ankatunga madzi opondera dothi, ankamata, ndipo pomaliza ankazira pansi ndi m'khonde mpaka kusalala ngati simenti. Ena ankakongoletsa khoma ndi dothi lamitundu: lofiira, lakuda ndi loyera. Amene munagonapo m'nyumba yotere mu October mukudziwa kuti masana mumakhala mozizira bwino, pamene ya malata imasanduka uvuni.

Mutu umodzi susenza denga. Mwambi umenewu unachokera pa ntchito yeniyeni, chifukwa denga la nkhokwe limalukidwira pansi, kenako anthu angapo amalinyamula n'kulikweza. Pa nyumba ya mfumu mudzi wonse unkathandiza, wina mitengo, wina luzi, wina udzu. Kuthandizana kotereku ndiye kunali kuthangata. Kuno ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Chiradzulu mawu akuti thangata amatikumbutsa zowawa, chifukwa eni maesiteti m'nthawi ya atsamunda anawatenga n'kuwasandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Koma chiyambi chake chinali chabwino: mfumu inkamangiridwa nyumba ndi anthu ake, iyonso n'kumawasunga pa nthawi ya mavuto.

Malo amene ankalankhula

Likulu la mfumu silinali chinyumba chimodzi cha zipinda zambiri. Linali mudzi wa nyumba zambiri, iliyonse ndi ntchito yake. Tikaphatikiza mbiri ya pakamwa ndi mmene malikulu a mafumu akhala akuyalidwira m'dera lathu lino, zigawo zake zimaoneka bwino.

Choyamba ndi bwalo. Pamenepa ndi pamene pankaweruzidwa milandu, kulandirira alendo ndi kulongera mafumu. Dzina lakuti Kalonga limagwirizana ndi ntchito imeneyi, yolonga ena ufumu. Khoti lalikulu la dziko linali pamtetete, pansi pa mtengo, pamene aliyense akanatha kumva mmene mlandu ukuyendera.

Chachiwiri ndi nyumba za amayi awiri amene ufumu sukanayenda popanda iwo. Nyangu anali mayi kapena mlongo wa Kalonga, ndipo Kalonga wotsatira ankachokera m'mimba ya banja lake, pakuti ufumu wa Achewa umatsata kuchikazi. Mwana wa mfumu sankalowa ufumu; ankalowa ndi mphwake, mwana wa mlongo wake. Mwali anali mkazi wamkulu wa Kalonga, ndipo ankachokera kwa a Banda. Ukwati umenewu unali chikumbutso cha pangano lija la pakati pa Phiri ndi Banda. Panalinso nduna, monga Khombe amene ankatsogolera ankhondo.

Chachitatu ndi nkhokwe. Mafumu aang'ono ankabweretsa mitulo: minyanga ya njovu, zikopa za mikango ndi akambuku, makasu, chakudya. Mlenje akapha njovu, nyanga imene yagunda pansi inali ya mwini dziko. Chuma chimenechi chinkagulitsidwa kwa amalonda, china chinkagawidwa, china chinkasungidwira chaka cha njala. Mpaka lero mfumu yaikulu ya Achewa, imene likulu lake lili ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, imatchedwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Gawa ndiye kuti wogawa. Kukula kwa mfumu kunkaonekera pa nkhokwe zake, ndi pa chiwerengero cha anthu amene ankadya kuchokera mmenemo.

Chachinayi ndi moto. Mbiri ya pakamwa imanena za moto wachifumu umene sunkazima mpaka mfumu itamwalira. Imanenanso kuti wachibale wotumidwa kukalamulira dera lina ankapatsidwa zizindikiro za ufumu, ndipo china mwa izo chinali makala amoto ochokera ku likulu. Kamodzi pa chaka akuluakulu a banja lachifumu ankasonkhana ku mwambo wa mlira, wolemekeza mzimu wa Kalonga amene anatsogolera anthu pobwera kuno, ndipo mwambowo unkathera pa kutentha tchire. Dzina lakuti Malawi, malawi a moto, silinangogwa kumwamba.

Chachisanu ndi kachisi, kanyumba kothirirapo nsembe. Kachisi amakhala wamng'ono kuposa nyumba zonse, koma ndi amene ankapatsidwa ulemu woposa. Chilala chikavuta, maso onse ankaloza kumeneko, komanso kwa Makewana ku Msinja.

Mukaona zigawo zisanuzi, mwaona malamulo oyendetsera dziko atayalidwa pansi. Mfumu ili pakati, koma yazunguliridwa ndi amene angaidzudzule: amayi ake, akuchikazi kwake, nduna, ndi mizimu.

N'chifukwa chiyani sizikuoneka lero?

Chifukwa choyamba n'chodziwikiratu: chiswe ndi mvula. Nyumba ya mitengo ndi udzu imafuna kufoleredwa kawirikawiri, ndipo ikasiyidwa imabwerera kudothi m'zaka zochepa. Chimene chimatsala ndi mapale, phulusa, ndi zibuma za dothi lopsa zokhala ndi zidindo za nsichi, ngati nyumbayo inapsa ndi moto.

Chachiwiri ndi mwambo. Kwa Achewa, munthu akamwalira nyumba yake inkagwetsedwa. Nyumba inali ya munthu wamoyo. Chimene chinkayenera kupitirira ndi dzina, n'chifukwa chake wolowa ufumu amatenga dzina la amene anamwalirayo. Kalonga ankafa, nyumba n'kugwa, koma Kalonga n'kukhalapobe. Anthu a maganizo otere sakanataya mphamvu zawo kumanga chinyumba choti chikhale zaka 500. Midzinso inkasamuka nthaka ikaguga kapena imfa zikachuluka pamalo.

Chachitatu ndi nkhondo. Ufumu wa Amaravi unayamba kugawikana kale, pamene Undi, Lundu ndi mafumu ena anakula mphamvu m'madera awo. M'zaka za m'ma 1800 kunabwera Angoni, kunabwera mafumu a Chiyawo okhala ndi mfuti, ndipo malonda a akapolo anafika poipa. Kalonga Sosola, womaliza kulamulira m'dera la Mankhamba, anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi Ayawo m'zaka za m'ma 1860. Mamangidwe anasintha chifukwa cha mantha. Anthu anayamba kuzinga midzi ndi malinga kapena kuthawira m'mapiri. Dzina lakuti Linga, la mudzi wa Jumbe ku Nkhotakota, ndi la nthawi imeneyo.

Nanga kuno ku Mulanje?

Wina afunsa kuti, "Za ku Dedza zikutikhudza bwanji ife a ku Likhubula?" Zikutikhudza ndithu. Amang'anja, amene akhala m'tsinde mwa phiri lino kuyambira kale, ndi nthambi ya Amaravi omwewo. Mfumu yawo yaikulu ndi Lundu, wa mfunda wa Phiri, amene likulu lake lili ku Mbewe m'boma la Chikwawa. Ku Nsanje, m'nkhalango ya Khulubvi, kachisi wa Mbona akadali wa mitengo ndi udzu, ndipo akakalamba anthu amasonkhana n'kumumanganso motsata mwambo. Amene akufuna kuona mamangidwe a Amaravi akupuma, kumeneko ndiye kwake.

Ayawo atafika kuno m'zaka za m'ma 1800, mafumu monga Chikumbu, Mkanda ndi Matipwiri anakhazika midzi yawo mozungulira phirili. Njira ya amalonda a minyanga ndi akapolo inkadutsa pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kulowera ku Quelimane. Ayawo anabweretsanso kamangidwe kena. David Livingstone atafika ku Mwembe, likulu la mfumu Mataka m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, mu July 1866, anapeza mudzi wa nyumba pafupifupi 1,000, ndipo zambiri zinali zamakona anayi, motengera za kugombe la nyanja yamchere. Ndiye kuti nyumba yamakona sinabwere ndi azungu okha. Alhomwe nawonso, pobwera kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, anabwera ndi luso lawo.

Asilikali a Harry Johnston anamenyana ndi Chikumbu mu 1891 ndi Matipwiri mu 1895. Mu 1893 anamanga Fort Lister pampata uja, kuti atseke njira ya akapolo ndi kukhazikitsa ulamuliro wawo. Mabwinja a Fort Lister akadalipo, ndipo alendo amapita kukawaona. Midzi ya mafumu amene ankalimbana nawo inabwerera kudothi. Apa ndi pamene maso amatinamiza. Tikamawerenga mbiri poyang'ana makoma okha, imaoneka ngati inayamba ndi Mandala House ya 1882 kapena tchalitchi cha St Michael and All Angels cha 1891 ku Blantyre. Nyumba zimenezi n'zokongola, ndipo manja a makolo athu ndiwo anaumba njerwa zake, koma Mankhamba inalipo zaka mazana angapo izo zisanamangidwe.

Anzathu amachita bwanji?

Ku Kampala, m'dziko la Uganda, kuli Kasubi. Kabaka Mutesa Woyamba, mfumu ya Buganda, anamanga nyumba yake yachifumu kumeneko mu 1882, ndipo atamwalira mu 1884 inasanduka manda achifumu. Ndi chinyumba chozungulira, chotambalala mamita oposa 30, cha mitengo, bango ndi udzu. Mkati mwa denga muli mikombero 52, yoimira mafuko 52 a Baganda, ndipo ntchito yofolera ili ndi fuko lakelake. Bungwe la UNESCO linaika Kasubi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2001. Mu March 2010 nyumbayi inapsa. Anthu analira ngati pamaliro, kenako anaimanganso, ndi udzu womwewo. Zinatheka chifukwa amisiri odziwa kufolera anali adakalipo.

Ku Great Zimbabwe, pafupi ndi Masvingo, kuli makoma amiyala osanjidwa popanda matope kapena simenti, ena otalika mamita 11. Atsamunda ena ankakana kuti anthu akuda angamange zotere, mpaka akatswiri David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anatsimikiza kuti ndi ntchito ya Aafirika. Koma dziwani ichi: miyala ija inali mipanda. Mkati mwake olemekezeka ankagona m'nyumba zadothi zofolera ndi udzu, zofanana ndi za kwathu kuno.

Ku Japan, dziko la Toyota ndi Sony, kachisi wolemekezeka wa ku Ise ndi wamatabwa ndi denga la udzu. Amamumanganso mwadala zaka 20 zilizonse, ndipo komaliza anachita zimenezi mu 2013. Potero mbadwo uliwonse wa amisiri umaphunzitsa wotsatira. Iwo anazindikira kuti chosunga ndi luso, pakuti luso likakhalapo nyumba imabweranso.

Chimene tingataye

Sindikunena kuti tisasule malata tibwerere ku udzu, ayi. Aliyense wa ife amalakalaka nyumba yabwino, ndipo amene anaona zimene namondwe Freddy anachita kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023 sangaseweretse nkhani ya nyumba yolimba. Nkhawa yanga ndi yakuti tikutaya nzeru pamodzi ndi udzuwo. Khonde lotchinga khoma, denga lotsetsereka bwino, nyumba yozizira popanda fani, kusankha malo okwera osadutsa madzi: zonsezi zikhoza kulowa m'nyumba yamakono. Achinyamata amene mukuphunzira zomangamanga ku MUBAS kapena m'sukulu za ntchito zamanja, kodi munakhalapo pansi ndi mmisiri wam'mudzi n'kumufunsa chifukwa chake amachita zimene amachitazo?

Mitengonso ikutha. Uvuni uliwonse wa njerwa umadya nkhuni zambiri. Muwanga woti n'kukhala mzati ukusowa. Mkungudza wa m'phiri lino, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Ngakhale titafuna kumanganso nyumba ya Kalonga kuti ana aziiona, monga anachitira anzathu a ku Rwanda ndi nyumba ya mfumu yawo ku Nyanza, mitengo yake tingaitenge kuti?

Pali zimene inu ndi ine tingachite ndi foni ili m'manjayi. Pitani kwa agogo, mupereke moni mwaulemu, muwapemphe chilolezo, kenako mujambule mawu awo. Afunseni kuti bwalo lakale la mfumu linali pati, mudzi unasamuka kuchokera kuti, mtengo uti unkasankhidwa kukhala mzati. Lembani maina a zigawo za nyumba m'Chichewa, m'Chilhomwe ndi m'Chiyawo. Mukapeza mapale, mikanda kapena ng'anjo yakale m'munda, musazifukule n'kukagulitsa. Jambulani, dziwitsani amfumu ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Chinthu chikachotsedwa pamalo pake, theka la nkhani yake limatayika.

Mukapeza kangachepe, yendani. Ku Mua, pafupi ndi Mtakataka pomwepo, kuli Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo nyumba yake yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare imafotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayawo. Kumapeto kwa August kuli Kulamba ku Mkaika, kumene mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakaperekabe mitulo kwa Gawa Undi pabwalo, monga zinkachitikira ku Mankhamba. Kuno kwathu kuli mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde.

Mu July 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Chimene chinaliika pamenepo ndi chikhalidwe: ulemu umene Amang'anja, Ayawo ndi Alhomwe amapereka ku phirili monga mokhala mizimu ya makolo, ndi miyambo imene imachitikira m'malo ake opatulika. Palibe khoma lachifumu limene anayeza ndi tepi. Anayeza tanthauzo limene anthu amasunga. Ngati dziko lonse latha kulemekeza malo chifukwa cha zimene anthu ake amakumbukira, ife eni ake tilibe chifukwa chochitira manyazi ndi denga la udzu la Kalonga. Koma zokumbukirazo zili m'mitu ya anthu okalamba, ndipo chaka chilichonse tikuwaperekeza kumanda mmodzimmodzi. Agogo anu akadali moyo? Musadikire tchuthi cha December.